Injini ikukuwa koma boti silikuthamanga

Mu Lusaka muli maboti ambiri kuposa mmene munthu angaganizire za mzinda wopanda nyanja. Mukasuzumira pa mageti a ku Kabulonga ndi ku Woodlands mudzawaona atakhala pa ngolo, ataphimbidwa ndi malona, akudikira Isitala kapena tchuthi cha Heroes ndi Unity mu Julaye. Madzi ake ali kutali. Kafue ili pa makilomita pafupifupi 45, Siavonga pafupifupi 200. Mtunda umenewu ndi umene umachititsa kuti vuto lina lizunze eni maboti kwa miyezi. Muli pamadzi, mwawonjezera moto kuti boti linyamuke, injini ikukuwa, geji ya mareva ikukwera, koma boti likungokwawa. Mwabwerera nalo m'tauni, makanika walumikiza payipi ya madzi, waliza injini, walowetsa giya, pulopela ikuzungulira bwinobwino. "Lili bwino ili, bwana." Sakunama ayi. Pulopela yozungulira mumphepo sikankha kanthu, ndipo chinthu chimene chimaterereka pokhapokha chikasenza katundu sichingadziulule pabwalo la nyumba.

Makina amene tikukamba ndi stern drive, amene amakanika amangoti mwendo. Injini imakhala m'kati mwa boti chakumbuyo, kawirikawiri ya petulo yochokera ku injini za General Motors, ya malita 4.3, 5.0 kapena 5.7. Mwendo uli kunja, womangiriridwa ku khoma lakumbuyo la boti, transom. Mphamvu imachoka pa fulaiwilo, kulowa mu kapulingi, kutsata shafiti yodutsa mu transom, kupinda pa majoini, kukhota pa magiya apamwamba, kutsika, kukhotanso pa magiya apansi, n'kufika pa pulopela. Volvo Penta inaonetsa makina otere, Aquamatic, pa chionetsero cha maboti ku New York mu 1959, pamene chigwa cha Gwembe chinali chitangoyamba kumira m'madzi a Kariba. Mercury inatsatira ndi MerCruiser mu 1961. Pa njira yonseyi pali malo anayi pamene mphamvu ingathawire chitsulo chisanathyoke: pakati pa pulopela ndi madzi, m'kati mwa habu ya pulopela, mu klatchi ya mwendo, ndi mu kapulingi. Mtengo wokonza umakwera mukamayenda kuchoka kumadzi kulowera ku injini, choncho kufufuza kuyambire kumadzi. Ambiri amayambira kwinako, n'kutulutsa injini chifukwa cha pulopela imene ikanasinthidwa ndi sipanala imodzi.

Funso loyamba lofunsa mwini boti ndi lakuti mareva anachita chiyani. Ngati mwawonjezera moto injini n'kutsamwa, mareva n'kutsika kapena kukanirira pa 3,000, kumeneko si kuterereka. Limenelo ndi vuto la petulo, la moto wa mapulagi, kapena la boti lolemedwa, ndipo mwendo ulibe mlandu. Kuterereka kwenikweni kumamveka ngati minibasi yopsa klatchi pa chitunda: phokoso likukwera, liwiro silikutsatira. Makanika aliyense wa ku Kabwata amalidziwa phokoso limenelo, ndipo n'chifukwa chake amathamangira kunena kuti klatchi yatha. Pa galimoto akanalondola. Pa boti klatchi imabwera yachitatu pa mndandanda wa oganiziridwa.

Tiyambe ndi madzi. Pulopela imagwira ntchito ikamaluma madzi okhaokha. Mpweya ukalowa pakati pa mapeni ake, imapepukidwa mwadzidzidzi ndipo mareva amalumpha. Mpweyawo umachokera pamwamba pa madzi ngati mwendo watukulidwa kwambiri ndi tirimu, ngati mwakhota mwamphamvu muli pa liwiro, kapena ngati chitsulo chophwatalala chimene chili pamwamba pa pulopela chabenthuka. Umachokeranso mu utsi wa injini, umene pa miyendo yambiri umatulukira pakati pa pulopela. Pulopela yosayenerana ndi mwendo, yosiya mpata kutsogolo kwake, imadzipumira utsi wake womwe. Pa Kafue palinso namasupuni, zidutswa za maukonde ndi mapulasitiki. Pepala limodzi la pulasitiki likakulunga kutsogolo kwa mwendo limasokoneza madzi opita ku pulopela, ndipo limatsekanso timabowo tolowera madzi oziziritsa injini.

Chizindikiro cha mpweya n'chakuti vutolo limabwera n'kuchoka. Mukabweza moto, n'kutsitsa mwendo mpaka pansi, n'kuyambanso pang'onopang'ono, boti limagwira n'kunyamuka ngati palibe chinachitika. Yesani katatu kapena kanayi, mwendo uli pansi penipeni, anthu awiri atakhala kutsogolo. Yang'ananinso mapeni a pulopela. Peni lopindika kapena lokumbika m'mphepete limachititsa madzi kuwira timathovu tomwe timadya chitsulo, ndipo mudzaona penti yochoka ndi timaenje ngati todyedwa ndi chiswe cha m'madzi. Pulopela yotero imaterereka nthawi zonse, osati mwa apo ndi apo.

Ngati vutolo silichoka, ndipo tsiku lililonse likuyamba pa mareva otsika kuposa dzulo, ganizirani habu. Pulopela si chitsulo chimodzi. M'kati mwake muli kachitsulo ka mano kamene kamalowa pa shafiti, kunja kuli thupi lonyamula mapeni, ndipo pakati pa ziwirizi pali labala wokanikizidwa ndi makina, kapena pa mapulopela a Mercury a Flo-Torq II, kachigoba ka pulasitiki yolimba. Anaikapo dala. Pulopela ikagunda chinthu, labalayo ndiye amagonja kuti magiya apulumuke. Akangogonja kamodzi, amatentha, amasalala, ndipo sagwiranso ngati kale. Pa mareva otsika amakoka ndithu, ndipo boti limatha kukufikitsani kudoko mukamayenda mwakachetechete. Mukafika pamene boti likufuna kukwera pamwamba pa madzi, pamene mwendo umasenza katundu wolemera koposa, amataya.

Pa Kariba zogunda sizisowa. Nyanja isanadzaze, madera ena analambulidwa ndi mathirakitala okoka matcheni ndi mipira ikuluikulu yachitsulo kuti asodzi adzaponye maukonde, koma nkhalango yambiri inamira ili chiimire. Mopane sawola msanga. Madzi a nyanjayi amayenera kusewera pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu chilala cha 2024, pamene Lusaka inkakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, anatsikira kufupi ndi malire apansiwo. Zitsa zimene munkadutsa pamwamba pake osadziwa zinafika pa msinkhu wa pulopela. Kumunsi kwa Chirundu kulinso michenga yosuntha ndi miyala. Ndipo labala amakalamba ngakhale osagunda kanthu: kutentha kwa m'chigwa mu Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40, kumamuumitsa.

Kuyesa habu sikufuna ndalama. Zimitsani injini, chotsani kiyi, tukulani mwendo. Jambulani mzere umodzi wowongoka kuchokera pa nati kapena pa kachitsulo ka m'kati mpaka pa thupi la pulopela, ndi penti yosachoka m'madzi kapena pokanda ndi msomali. Bwererani pamadzi, wonjezerani moto mpaka boti literereke kamodzi, kenaka yang'ananinso. Mzere ukaduka pawiri, mbali ina ili uku ina uko, mlandu watha. Nthawi zina mukachotsa pulopela mumapezanso labala wosungunuka kapena nyenyeswa zakuda kumbuyo kwake. Kupotokola pulopela ndi manja giya ili m'kati sikuuza zambiri, chifukwa mkono wa munthu sufika pa mphamvu ya injini ya mahatchi 200. Zonsezi muchitire pa doko kapena pa ngolo. Pa Kariba ndi pa Zambezi munthu salowa m'madzi kukagwira pulopela, ng'ona za kumeneko sizidikira kuti mumalize.

Habu ya Flo-Torq II mumasintha nokha: nati, mawashala, kachigoba katsopano, basi. Ya labala imafuna makina okanikizira ndi labala wa saizi yake. Apa ndiye pamabwera nzeru za ku Lusaka zimene ine sindigwirizana nazo. Amisiri athu ndi aluso, ndipo wina adzakuuzani kuti aboola thupi la pulopela n'kulowetsa mabawuti, kapena awotcherera zonse zikhale chimodzi, sizidzatererekanso. Zoonadi sizidzatererekanso. Chitsa chotsatira chidzapeza njira yolunjika ku shafiti ndi magiya apansi, zimene mtengo wake umaposa wa pulopela kangapo ndipo muyenera kuziitanitsa kunja. Mabawuti angakupulumutseni muli kutali ndi doko dzuwa likulowa, koma pulopela yoteroyo isakhale yoyendera masiku onse. Chanzeru n'kunyamula pulopela ina, pamodzi ndi washala wochindikala wa kutsogolo kwake, nati, ndi kathabwa kotsekera mapeni pomasula. Pa mwendo wa MerCruiser Alpha One natiyo imamangidwa pa 75 Nm. Washala wa kutsogoloyo akaiwalika, pulopela imakadya thupi la mwendo.

Mzere ukakhala wosaduka, mpweya mwaukana, tsopano ndi nthawi yofunsa kuti mwendowo ndi wamtundu wanji, chifukwa klatchi zake sizifanana ndipo siziwonongeka mofanana.

MerCruiser Alpha One, umene ndi wofala kwambiri pa maboti apabanja, uli ndi klatchi ya mano pansi, pa shafiti ya pulopela. Kachitsulo ka mano kamakankhidwira kutsogolo kapena kumbuyo n'kukalumana ndi giya. Mano saterereka pang'onopang'ono. Agwira kapena ataya. Akadyeka m'makona, kapena kebulo ya magiya ikapanda kuwalowetsa mpaka kumapeto, amadumpha mukawonjezera moto, ndipo mumamva kugunda kwamphamvu kumbuyo. Ambiri amatembenuka kufunafuna chitsa chimene agunda, osachiona. Kugunda kumeneko kukamabwerezabwereza pa madzi akuya, ndi mano. Chimene chimawadya ndi ulemu wa woyendetsa: kulowetsa giya monyengerera, mano n'kumakhulana kaye asanalumane. Alpha imafuna dzanja lotsimikiza, injini ili pa mareva otsikitsitsa. Yambani ndi kebulo, makamaka yapansi yodutsa mu transom, imene imauma boti likakhala miyezi osayenda. Injini ili yozima, wina alowetse giya yakutsogolo inu mukutembenuza pulopela. Mbali imodzi iyenera kugwira zolimba, mbali inayo kudumpha ndi kaphokoso. Chitaninso chimodzimodzi ndi giya yobwerera. Kebulo ikakonzedwa msanga mano amapulumuka, koma akazungulira m'makona palibe kusintha kwa kebulo kumene kungawabweze.

MerCruiser Bravo ndi miyendo ya Volvo Penta ili ndi klatchi ya koni, pamwamba. Chitsulo chosongoka chimalowa m'chikho cha giya n'kugwira mwa kukhuzana, ndipo iyi ndiye imaterereka zenizeni. Imayamba ndi kuchedwa: mwalowetsa giya, pakupita masekondi angapo, kenaka boti n'kudzidzimuka. Kawirikawiri yakutsogolo ndiyo imayamba kufooka yobwerera ikugwirabe bwino, ndipo kusiyana kumeneku n'kothandiza, chifukwa habu ndi kapulingi sizisankha mbali. Koni imasalala ndi ukalamba, ndi kulowetsa giya mareva ali okwera, ndi oyilo wolakwika. Oyilo wa difu ya galimoto, makamaka wothiridwa mankhwala owonjezera kuterera, sayenera kulowa m'menemo mongoganizira. Miyendo yakale ya Volvo, monga 270 ndi 280, inkagwiritsa oyilo wa injini, pamene yatsopano imafuna oyilo wa magiya. Tsatirani buku la mwendo wanuwo, osati zimene anathira m'boti la mnzanu. Ena amakhula koni yosalala ndi phala lopalira mavavu, ndipo imagwiradi kwa kanthawi. Ngati mizere yake yatha, igulidwe ina. Bravo musamaikakamize kulowa giya injini ili yozima.

Mtundu uliwonse, oyilo wa mwendo amanena zambiri. Masulani kabawuti kapansi boti litagona usiku wonse. Timadontho ta madzi kapena oyilo wotuwa ngati mkaka ndiye kuti silo yabooka, ndipo wobowola kawirikawiri ndi ulusi wa mbedza. Osodza nsomba za taiga amadula ulusi wambiri, umakulunga pa shafiti kuseri kwa pulopela, n'kudya silo mwakachetechete. Kafumbi kosalala pa maginito a kabawutiko si nkhani. Tizidutswa tomveka pakati pa zala ndi magiya kapena maberingi, ndipo boti lotero lisabwererenso pamadzi mwendo usanatsegulidwe.

Chotsala ndi kapulingi, chimene aliyense amapemphera kuti chisakhale chimenecho. Imamangidwa pa fulaiwilo, ili ndi labala wochindikala ndi bowo la mano, kawirikawiri la aluminiyamu, mmene shafiti yachitsulo yochokera ku mwendo imalowa. Imafa mwa njira ziwiri: labala amang'ambika n'kumazungulira payekha, kapena mano a aluminiyamu amadyeka mpaka kusalala. Mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Tsegulani chivundikiro cha injini boti litangoterereka. Fungo la labala wopsa kuseri kwa injini, nthawi zina ndi kautsi, ndi umboni wamphamvu. Unikani ndi tochi ndi kagalasi pansi, pakati pa injini ndi transom, mufunefune fumbi lakuda kapena nyenyeswa zonyezimira. Pa Alpha pali chizindikiro china. Impela yokoka madzi oziziritsa injini ili m'mwendo, ndipo imazungulitsidwa ndi shafiti yomweyo. Kapulingi ikataya, madzi amachepa kapena kuleka, geji ya kutentha n'kukwera. Habu ikataya, geji imeneyo sisuntha. Pa Bravo ndi Volvo pampu ili pa injini, choncho chizindikirochi palibe.

Kapulingi siifa popanda chifukwa, ndipo kuisintha osapeza chifukwacho ndi kugula ina chaka chamawa. Chifukwa chachikulu ndi injini yosalunjika ndi mwendo. Shafiti ikalowa mopendekeka ngakhale pang'ono, pa kuzungulira kulikonse imapotokola labala ndi kukhula mano. Pali chitsulo choyezera chimene amachilowetsa kudzera mu beringi ya gimbal, imene ili mu transom, mwendo utachotsedwa. Chiyenera kulowa ndi kutuluka ndi zala ziwiri, ndipo girisi wopakidwa kunsonga kwake aonetse mano mofanana kuzungulira konse. Makanika amene alibe chitsulo chimenechi, kapena amene akuti amayeza ndi maso, asakhudze kapulingi yanu ngakhale atakhala katswiri wa ma V8. Pochotsa mwendo akumbukirenso kuti Alpha imachoka ili mu giya yakutsogolo, Bravo ili pa nyutulo.

Nanga injini imasuntha bwanji? Apa Lusaka ili ndi mbali yake. Boti la kuno limayenda makilomita ambiri pa ngolo kuposa pamadzi. Msewu wa ku Chirundu ndi wokhotera ku Siavonga uli ndi zitunda, makona ndi maenje, ndipo injini yolemera makilogalamu mazana angapo imadumpha pa zomangira zake ulendo wonse. Manati a zomangirazo amamasuka. Kenaka boti limaimikidwa ku Chelstone kuyambira Novembala mpaka Epulo, lona itabooka, chotsekera madzi chakumbuyo chili chitsekere, mphuno ya ngolo ili pansi. Madzi a mvula amakhala m'kati miyezi. M'maboti ambiri akale, m'kati mwa transom ndi m'mizati imene injini imakhalapo muli mapulanga okutidwa ndi faibala. Akawola, injini imatitimira. Pondani mwendo ndi phazi mwamphamvu wina akuyang'ana transom. Ikamapuma, vuto lanu laposa kapulingi. Madzi omwewo amalowereranso mu siponji ya pansi pa boti n'kuliwonjezera kulemera kumene simukuona. Kusintha kapulingi kumafuna kutulutsa injini, choncho pamene yatuluka muonetsetse zomangira, beringi ya gimbal, majoini ndi mabuti a labala otchinga madzi. Buti yong'ambika imamiza boti.

Pali mtundu wina wa kuterereka umene si kuwonongeka konse, ndipo umapezeka ndi masamu. Pulopela iliyonse ili ndi manambala awiri, kukula kwake ndi pitchi, kutanthauza mtunda umene ikanayenda pa kuzungulira kumodzi madzi akanakhala olimba. Tengani injini ili pa mareva 4,400, mwendo wa magiya a 1.62, pulopela ya mainchesi 19. Pulopela ikuzungulira ka 2,716 pa mphindi, zimene zikanapereka makilomita pafupifupi 79 pa ola. Madzi amagonja pang'ono nthawi zonse, ndipo pa boti lotere kutaya 10 mpaka 15 pa 100 alionse n'kwabwinobwino, ndiye GPS ya pa foni iyenera kuonetsa pakati pa 67 ndi 71. Ikaonetsa 45, mphamvu ikuthawira penapake. Ikaonetsa liwiro loyenerana ndi masamu koma mareva apitirira malire olembedwa pa injini, amene pa injini zambiri za petulo za MerCruiser ndi 4,400 mpaka 4,800, palibe chikuterereka. Pulopela ndiyo yachepa.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi maboti ogulidwa kale ku South Africa. Injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 alionse pa mamita 300 alionse okwera. Boti limene linkayenda pa Vaal Dam, pafupifupi mamita 1,500 m'mwamba, linaikidwa pulopela ya pitchi yochepa kuti lipirire mpweya wopepuka. Likatsikira pa Kariba, mamita 1,000 pansi, injini imapeza mphamvu zina ndipo imakuwa kuposa kale. Inchi imodzi ya pitchi imasintha mareva ndi 150 mpaka 200, ndiye mainchesi awiri owonjezera amathetsa nkhaniyo. Lochokera ku Durban limachita mosiyana, limalemedwa likafika pa Kafue. Musanakhulupirire geji ya mareva, iyezeni ndi ina, chifukwa kuseri kwake kuli kosankhira chiwerengero cha masilinda, ndipo geji yoikidwa pa masilinda 6 ikawerenga injini ya masilinda 8 imanama mokweza.

Poitanitsa zipangizo, nambala ya mwendo ndi ya injini ndizo zimalankhula, osati chaka cha boti. Alpha One inasinthidwa mu 1991 kukhala Gen II, ndipo zambiri za m'kati sizilowana ndi zakale. Amene ali ndi mwendo wa OMC Cobra adziwiretu kuti kampani yake inagwa mu 2000, zipangizo zake n'zosakasaka. Pa payipi ya kunyumba injini isapitirire mareva 1,500 ndipo isalire ngakhale pang'ono madzi asanatseguke, impela imapsa m'masekondi. Ntchito ikatha, kayeseni boti pa Kafue musanalikokere ku Siavonga, mutakweza anthu, petulo ndi mabokosi a ayezi ofanana ndi a tsiku limene linaterereka, makanika ali momwemo, mzere wa penti uli pa pulopela.